Kompyuta Ikadzadzuka Yokha

Magetsi akazima n'kuyakanso, chinthu choyamba kumveka kwathu sichinali wailesi ayi. Chinali chibonga cha Ababa. Go! Go! Go! pa khoma la kuchipinda kwawo. Kaya ndili pa mjigo, kaya ndili kubafa sopo ali m'maso, ndinkasiya zonse n'kuthamangira m'kachipinda kosungiramo mbewu ya mbatata ya kachewere, kukadzutsa kompyuta.

Dzina langa ndine Chifuniro, kwathu ndi ku Kandeu. Sindine wolankhulalankhula. Kusukulu aphunzitsi akandiloza, yankho ndinkalidziwa koma linkathera pakhosi. N'chifukwa chake izi ndikuchita kulemba, pakamwa sindingazithe.

Ababa, aGama, anadwala sitiroko ine ndili pakati pa mayeso a Folomu 4. Anagwa ku dimba, ndipo pochokera kuchipatala mbali yakumanja inali itafa, mawu nawo atapita. Anatsala ndi timawu tochepa, "eya", "ayi", ndi kena kosamveka bwino kamene ankakanena akakwiya. Munthu amene ankatsogolera gule wa ngoma m'dera lathu, amene akaponda pansi atavala zikopa ndi nthenga fumbi linkachita kukwera, tsopano ankangogona chagada kuyang'ana malata. Amayi anatseka zenera la chipindacho n'kupachikapo chitenje. Ankati anthu asamawaone ali choncho. Chishango anachikweza pamwamba pa wadilopu, koma chibonga Ababa anakana nacho. Anachigwira ndi dzanja lamanzere, ndipo chinasanduka pakamwa pawo.

Kompyutayo anabwera nayo ndi malume Goliati. Bungwe limene ankalondera ku boma litatseka ofesi, anawapatsa chibokosi chakuda chimene aliyense anachikana, chopanda sikirini, fumbi lokhalokha. Malume anati tizingokhalira ngati mpando. Ine ndinachitsegula, ndinasesa mkati ndi nthenga ya nkhuku, ndinachilumikiza ku TV ya pabalaza. Chinalira "pii" n'kuyaka.

Maganizo enawo anabwera chifukwa cha bandulo. Ababa mtima unkakhala pansi pokhapokha akuonera ngoma pa foni, makamaka vidiyo imene achimwene anga a Paison anawajambula akuvina pa ukwati wina. Koma foni yawo sinkachedwa kudzaza, ndipo bandulo inkatha ngati madzi otungira m'lichero. Ndinakumbuka zimene aphunzitsi athu a kompyuta ananena tsiku lina, kuti kompyuta imodzi itha kukhala ngati nkhokwe, mafoni onse a pakhomo n'kumatapamo popanda intaneti. Amati seva. Ndinafufuta zonse za bungwe zija n'kuikamo pulogalamu yaulere imene ndinali nayo pa fulashi. Kenako ndinalumikiza karauta kakale, koulutsa waifai, kamene a Paison anasiya popita ku Joni. Ndinalakwitsa kambirimbiri, kuyambiranso, kulakwitsanso. Tsiku limene dzina la waifai yathu loti KwaGama linaoneka pa foni ya Ababa, ndinadzitsekera m'kachipinda kaja n'kuvina ndekha pakati pa matumba.

Ndinadzazamo ngoma, makwaya, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, ndi mapepala a mayeso akale. Mbiri inawanda. Masana khonde lathu linkadzaza ana a sukulu, anyamata a kabaza, ndi Anti Emma oyandikana nafe, amene ankabwera ndi mkeka wawo ndi nyemba zosankha. Onse maso pa foni. Moni wa odwala ankangouponya pa khoma: "Mwaswera bwanji aGama?" osadikira n'komwe yankho.

Koma chibokosicho chinali ndi nthenda yake. Magetsi akazima, pobwera sichinkadzuka chokha. Pankafunika munthu akanikize batani lakutsogolo, adikire chilire kawiri, kenako adine F1 pa kiyibodi mongoyerekeza, poti sikirini panalibe. Ndipo magetsi a kwathu amaphethira ngati munthu wa chitsotso m'maso. Ndikachidzutsa ndinkalowa kwa Ababa kukaona ngati foni yagwiranso. Ndinkakhala m'mphepete mwa bedi podikira, kuwakonzera pilo, kuwapukuta pakamwa, vidiyo ikayamba ine n'kutuluka.

Dziko langa linayamba kufupika. Kumsika ndinkapita chothamanga. Kutchalitchi ndinkakhala benchi ya kukhomo, maso ali pa babu osati pa abusa. Anzanga anatopa n'kundiitana. Malire anga anali pa chigayo, pamene chibonga chimasiya kumveka. Chinthu ndinapanga ndekha ndi manja anga, chomwecho n'kundimanga mwendo ngati mbuzi.

Kenako pa foni yanga panabwera uthenga woti ndasankhidwa ku koleji ya ntchito zamanja ku Lilongwe, kukaphunzira za makompyuta. Anati amene sadzafika Lolemba loyamba la mwezi wotsatira, malo ake adzapatsidwa kwa wina. Ndinakhala nawo masiku angapo osauza munthu. Ndinadzawauza Amayi tikusankha kachewere kuseri kwa nyumba, pansi pa zenera lotseka lija.

"Ku Lilongwe?" anatero.

"Eee."

"Wachita bwino, mwanawe. Mutu umenewo ndi wa kwa aGama, kwathu kulibe." Anatola kachewere woola n'kumuponya kutali. "Nanga chinthu chako chija azichidzutsa ndani?"

"Ndikuphunzitsani, Amayi. Ndi mabatani awiri okha."

"Ine? Chondiluma chija?"

Sankanama. Tsiku lina akukolopa opanda nsapato anachikhudza ndi chigongono, chinawagwira shoko mpaka anataya ndowa. Kuyambira pamenepo m'kachipindamo ankangosuzumira.

"Sindikukukaniza ayi," anapitiriza, maso ali pa manja awo. "Koma ine kukacha ndili ku dimba. Tikapanda kulima tidya mavidiyo? Bambo akowa akagogoda, pakhale munthu woyankha. Uganize wekha."

Uganize wekha. Bola akanandikaniza, ndikanakhala ndi munthu womukwiyira.

Ndinayesa kuwaphunzitsabe. Ndinapaka kyutekisi wofiira wa Anti Emma pa batani ndi pa F1. Amayi analowa atavala majombo a Ababa a ku dimba, m'manja ali ndi mthiko. Anaima patali, anatambasula mkono, n'kudina kiyibodi ndi mthikowo. Unagunda mabatani ambiri nthawi imodzi ndipo kompyuta inayamba kulira mosalekeza.

"Wamva? Chikundidziwa chimenechi," anatero akutuluka chobwerera m'mbuyo.

Kuchipinda chibonga chinali chitayamba kale. Masiku amenewo Ababa ankagogoda pafupipafupi kuposa kale, koma ine ndinkangoti ndi magetsi.

Ndinafufuza pa foni mpaka ndinaipeza nthendayo. Mkati mwa kompyuta muli kabatire kophwatalala ngati ndalama yachitsulo, kamene kamaikumbutsa tsiku ndi malangizo ake ikazima. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka itaiwala zonse n'kuima kudikira munthu. Kukasintha kameneko, ndikanatha kuiuza kuti magetsi akabwera izidzuka yokha. M'magolosale a pa Kandeu kanalibe. Ku boma ine sindikanapita, ndi kutali kwambiri ndi chigayo.

Ndiye ndinayenera kutuma Edson, mnyamata wa kabaza amene amapita ku boma tsiku lililonse ndipo amalankhula ngati wameza wailesi. Ndinamudikira akukwera njinga yake yamoto, ndinanena mawu anga ndikuyang'ana tayala.

"Mwati chani, Nagama injiniya? Kwezani volumu!"

"Kabatire kobulungira. Ka kompyuta."

"Basi? Mawa muli nako."

Ndikanamupatsa kabatire kakale kaja kuti akaonetse. Ndinali nako m'manja momwemo, koma kutambasula dzanja kunandikanika. Mawa lake anabwera ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala.

"Ndazungulira boma yonse, msika wonse. Ndi kameneka eti?"

Kanali ka wotchi, kakang'ono ngati njere ya nandolo.

"Eee. Zikomo," ndinatero.

Ndinalowa m'kachipinda kaja, ndinakhala pa thumba n'kulira. Sindinkalirira batire ayi, ndinkalirira pakamwa panga. Munthu wolephera kunena kuti "si kameneka", ku Lilongwe akakatani? Mwina pano ndi pamene pandiyenera, pakati pa kachewere womera ndi chibokosi choiwala.

Lolemba lija linali litayandikira pamene Edson anakhala pa khonde akutokosa ndi mpeni karimoti ka alamu ya njinga yake, kamene ankanyadira nako kuliza "tswii tswii" atsikana akamadutsa. Batani linkakanirira, ndiye anakatsegula. Ine ndinkadutsa ndi ndowa ya madzi. Ndinaona mkati chinthu chonyezimira, chophwatalala. Ndinatula ndowa, ndinaima patsogolo pake nthawi yaitali mpaka anadzutsa mutu.

"Achimwene Edson, kaja munabweretsa kaja si kameneko. Kofunika ndi aka. Ndibwerekeni."

A pakhonde onse anatembenuka.

"Ha! Kani amalankhula mwanayu?" anatero Anti Emma. "Ine ndimayesa mawu anasiya m'mayeso."

Edson anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye dzana munkathokoza chani? Tengani. Koma njinga yanga ikabedwa, mudzandibereka kumsana mpaka ku Bwanje, mwamva?"

Ndinanyamula chibokosi kupita nacho pa TV, ndinaika batire, ndinakonza tsiku, ndinasankha malangizo oti magetsi akabwera chizidzuka chokha osadikira F1. Nditachibwezera m'malo mwake ndinapita pa switchi yaikulu ya nyumba. Ndinazimitsa. A pakhonde anadandaula onse pamodzi. Ndinayatsa, ndinapinda manja kumbuyo kuti ndisakhudze kanthu, n'kumvetsera. Kafani kanayamba kuzungulira. "Pii." Posakhalitsa mafilimu anayambanso kulira pakhonde. Ndinaona msewu wa ku Lilongwe uli poyera.

Go! Go! Go!

Ndinaganiza kuti foni yawo yokha yakana. Ndinalowa. Vidiyo inali ikusewera bwinobwino, Ababa a kale aja akudumpha ndi chishango pa sikirini.

"Ababa, ikugwiratu. Taonani. Tsopano izidzuka yokha."

Anandiyang'ana. Anatembenuza foni chafufumimba pa chifuwa, kenako ndi mutu wa chibonga anagunda pang'onopang'ono m'mphepete mwa bedi, pamalo pamene ndinkakhala podikira.

Ndinakhala. Sitinaonere kanthu. Kunja anthu ankaseka filimu, phokoso lonse likulowa pamwamba pa khoma, poti nyumba yathu ilibe siling'i. Ndinazindikira kuti m'chipindamu mumamveka chilichonse, ngakhale zolankhula anthu akusankha kachewere kuseri. Ababa anamva za Lilongwe tsiku lomwe lija. Ndinazindikiranso kuti tsiku lonse lathunthu, munthu ankakhala nawo pansi pokhapokha magetsi akaphethira.

Madzulo Amayi akutsuka mapazi pa mwala, ndinawauza.

"Ikudzuka yokha tsopano."

"Ndamva."

"Koma Ababa akugogodabe."

Anapitiriza kukwecha chidendene. "Iwe umayesa amagogodera chibokosi? Ine ndikamaliza kuwasambitsa amatembenukira kukhoma. Amachita nane manyazi, mwamuna amene ankanyamula thumba phewa lililonse. Iwe ndiye amakulola kukhala nawo."

Apa ndiye chingwe chinathina. Batire ya nthenda imeneyi sagulitsa ku boma. Ndinaganiza zongochotsa kabatire kaja, ndimubwezere Edson, zonse zikhale ngati kale, anthu azinena kuti Chifuniro anakanika kupita chifukwa cha kompyuta. Ndinafika potsegula chibokosi, chikhadabo chili pa batire. Ndili chigwadire choncho, maso anga anagwera pa karauta, timagetsi take tikuphethira pamwamba pa thumba. Anthu ankadzaza pakhonde osati chifukwa chokonda khonde lathu, koma chifukwa karauta kanali pafupi nalo.

Mawa lake Amayi ali ku dimba ndinatenga waya wautali, ndinaudutsitsa pamwamba pa khoma mpaka kuchipinda kwa Ababa. Ndinachotsa chitenje pa zenera. Chitsulo chotsekera chinali chitachita dzimbiri, ndinachita kuchimenya ndi nsapato. Kuwala kutalowa Ababa anatsinzina.

"Ayi," anatero. "Ayi."

Koma ine ndinakhazikabe karauta pa zenerapo, ndinakachepetsa mphamvu kuti kazigwira bwino pafupi pokha.

Amayi atabwera anaona zenera lili pululu. "Wachita chiyani? Ukufuna anthu aziwaonera bambo ako ngati filimu?"

"Akufuna anthu, Amayi."

Sindinawayankhepo choncho chibadwire. Anandiyang'ana ngati mlendo, analowa kukhitchini, koma zenera sanalitseke.

Masana kunali zoseketsa. Anthu ankayendayenda pabwalo mafoni ali m'mwamba, mpaka mmodzimmodzi anathera kuseri, pansi pa zenera. Anti Emma anakoka mkeka wawo akung'ung'udza. Mkazi wa mwini salowa kuchipinda kwa bambo, koma pa zenera palibe mlandu. Anasuzumira.

"Iii, aGama! Kani mwayera chonchi? Ndiye akazi anu a Nangozo amakubisani kuti tisakulandeni eti?"

Ababa anatulutsa mawu amene sindinadziwe ngati ndi ukali kapena chiseko. Anti Emma sanasamale. Anatsamira pa zenera n'kuyamba kuwafotokozera filimu yonse kuchokera poyambira, ndi zina zomwe munalibe. Mnyamata wina anapempha kuona vidiyo ya ukwati ija, anayesa kuponda ngati Ababa, ndipo Ababa anamuloza ndi chibonga n'kunena "ayi" wamphamvu amene anaseketsa onse.

Ndikanakonda kulemba kuti kugogoda kunatha. Sikunathe. Kunachepa chabe. Anthu akabalalika, go, go, go, ine n'kupita kukakhala pamalo panga. Lamlungu ndinalongedza chikwama, ndinamasula, ndinalongedzanso. Edson ndinamuuza kuti abwere m'mawa, koma mumtima ndinali nditakonza kale mawu omubwezera.

Lolemba kutacha njinga inalira pabwalo. Ndinaima pabalaza, chikwama chili pansi. Magetsi anali oyaka, kompyuta ikung'ung'uza bwinobwino m'kachipinda kake.

Go! Go! Go!

Ndinalowa, ndinakhala pamalo paja. Ndinati ndinene kuti sindipita, koma ndisanayambe Ababa anakweza chibonga n'kundilozetsa. Ndinayesa akufuna ndiwaikire bwino, ndinachibwezera pambali pawo. Anachinyamulanso, anachikankhira pa chifuwa panga, anagwira dzanja langa n'kulipinda pa mtengo wake wosalala.

"Nagama," anatero. Linatuluka lopindika, koma linali lomwelo. Chidwalire anali asanatchulepo dzina la munthu.

"Ababa, nanga mukafuna munthu mugogoda ndi chani?"

Analoza zenera ndi chibwano. Kenako anatembenukira kukhoma, monga amachitira ndi Amayi.

Amayi anali ataima pakhomo la chipinda, khasu lili m'manja. Sanapite ku dimba tsiku limenelo.

"Tenga," anatero. "Ndiwapezera belu la njinga. Nyamuka, mnyamata uja atiphulitsa makutu ndi hutala."

Edson anamanga chikwama pa keliyala ndi mphira, chibonga anachilowetsa pambali. "Mukupita kusukulu kapena kunkhondo, Nagama?" Ndinakwera foni ili m'manja. Dzina lija KwaGama linali pamwamba ndi timizere take. Tisanatuluke n'komwe pabwalo kamzere kamodzi kanazima, kenako kena, ndipo pofika pa mjigo dzinalo linali litasowa. Tinadutsa chigayo. Ndinatembenuka, sindinaone nyumba, mitengo ya bulugamu yokha.

Msewu wa kwathu ndi wa mabampu. Njinga ikadumpha, mutu wa chibonga unkagunda chitsulo cha keliyala kumbuyo kwanga. Go. Go. Go. Nthawi iliyonse thupi langa linkadzidzimuka lokha, phazi n'kufuna kutsika.

"Mwaiwala kanthu?" Edson anakuwa mu mphepo. "Tibwerere?"

Ndinati ayi, mokweza kuti amve. Kenako ndinapinda mkono kumbuyo n'kuchigwira chibongacho mwamphamvu, ndipo sindinachisiye mpaka tinafika pa tala.